Fundi Amene Sanakwere Padenga la Landirova

Masiku anayi. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Masiku anayi athunthu ndinkaimika landirova ya boma pakhomo pa munthu wodzitcha fundi wa mawailesi pa Karonga Boma, ndipo munthuyo sanakwere padenga lake ngakhale kamodzi. Masipika ali padenga. Phokoso likuchokera padenga. Iye n'kumafunafuna vuto pansi pa mpando wa dalaiva. Ufundi wake ndi umenewo?

Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri, chifukwa masiku amenewo kudandaula kunali kudziputira mavuto. Lero ndiinena yonse. Dzina lake sinditchula, osati chifukwa chomulemekeza ayi, koma ana ake sanandilakwire kanthu.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linandiponya ku Karonga ngati dalaiva wa galimoto yolengeza. Amene munakula nthawi ya chipani chimodzi mukuikumbuka: landirova yotuwa, padenga pali kaliyala, pakaliyalapo masipika awiri akuluakulu onga malipenga, imodzi yoyang'ana kutsogolo, inayo kumbuyo. M'kati munali ampulifaya, maikolofoni ndi choimbira makaseti. Ntchito yanga inali kuzungulira m'misika, kuimika galimoto, n'kuika kaseti ya mawu a Mtsogoleri wa dziko kuti anthu amve. Ikatha, a tcheyamani a chipani ankatenga maikolofoni n'kulengeza za msonkhano m'Chitumbuka kapena m'Chinkhonde. Kasetiyo sindinkaisiya m'galimoto. Ndinkaikulunga m'kansalu n'kuika m'thumba la malaya, ndipo ndinkaiopa kuposa njoka.

Zinayamba Lolemba, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pa Mlare. Anthu anali ambiri. Amayi ataimba n'kukhala pansi, a tcheyamani a dera lonse lakummwera kwa Boma anandikodola kuti ndiyambe. Ndinadina batani. Mtsogoleri atangoyamba kulankhula, sipika yakutsogolo inayamba zake: thethethe, tche-tche-tche. Mawu akakwera m'mwamba, zonse bwinobwino. Akatsikira pakhosi, monga ankachitira pofuna kutsindika mfundo, phokoso lija n'kubuka ngati wina akukazinga chimanga m'phale. Ndinatsitsa voliyumu, anthu akumbuyo osamva. Ndinakweza, thethethe. Kuzimitsa sindikanatha. Ndani anazimitsapo Mtsogoleri ali pakati pa chiganizo?

Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi galimoto pankakhala bambo wina wosoka nsapato. Bamboyo anaseka. Sikunali kuseka kwenikweni, kanali kaphwete kongopulumukira m'mphuno, iye n'kudzigwira pakamwa. Anachedwa. Achinyamata a chipani awiri amalaya ofiira anamugwira m'khwapa n'kumudzutsa, nsapato ya munthu ili m'manja, ulusi ukulendewera. Palibe amene anatembenuka kuona kumene akupita naye. Inenso sindinatembenuke.

Kaseti itatha, a tcheyamani anabwera pawindo langa akumwetulira. Anandifunsa dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya khadi la chipani, n'kulemba zonse m'kabuku. Anafunsanso ngati kwathu ndi mmene timalemekezera akuluakulu. Ndinati ndi makina, bwana. Anati makina alibe maganizo, maganizo amakhala ndi woyendetsa. Atatseka kabukuko anagogoda pachitseko cha galimoto ndi cholembera.

"Loweruka tili ku Uliwa, dada. Kubwera alendo ochokera ku likulu. Mawu aja akadzatsokomolanso, mudzatiuza kuti wakutumani ndani."

Ndinayendetsa kubwerera ku Boma. Bwana wanga ku ofesi anamvetsera nkhani yonse akuyang'ana pawindo. Anati galimoto ndi ya amene amaiyendetsa. Anati kuitumiza ku Mzuzu nthawi palibe, n'kundilozera kwa fundi wa kuseri kwa msika. Ndinapempha kakalata kosonyeza kuti andituma ndi iwo. Anati cholembera chawo chauma.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji sindinakwere ndekha padengapo. Funsani ndithu. Mabawuti onse a masipika aja anali opakidwa utoto wofiira pamitu, kuti wina akamasula zidziwike. Dalaiva kumasula zipangizo za boma unali mlandu pawokha, ndipo chikawonongeka ankati wachita dala. Ine dzina langa linali kale m'kabuku. Ndinkafuna munthu wodziwika kuti ndi ntchito yake agwire, kuti ndikadzafunsidwa ndidzakhale ndi womuloza.

Lachiwiri ndinafika pakhomo pa fundi 7:30. Chitseko chotseka. Pachikwangwani panalembedwa kuti pano timachiza wailesi iliyonse. Ndinadikira. Mwiniwake anatulukira 10:15 akutafuna nzimbe, wamtali, magalasi ake omanga ndi waya mbali imodzi. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo ngati mwana wa sukulu. Ndinati phokoso lili ku sipika yakutsogolo yokha. Ndinati limabwera voliyumu ikakwera ndiponso mawu akakhala abesi. Ndinati injini kaya ikulira kaya yazima, n'chimodzimodzi. Iye ankangogwedeza mutu akulavula makoko.

"Palije suzgo, dada," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. Anati zoterezi amakonza akuwodzera.

Mtima unakhalako pansi. Ndinatulutsa kansalu kaja n'kumupatsa kaseti kuti amve yekha. Atawerenga zolembedwa pakasetipo anabweza dzanja ngati wagwira mbaula. Nzimbe ija anaitaya. Anayang'ana kumanzere, kumanja, kenako anati kaseti imeneyo siilira pakhomo pake m'makina odwala. Ndinafunsa kuti nanga tiyesera chiyani. Anati ali ndi njira zake.

Njira zake zinali izi. Anakhala pampando wanga, anatsitsa voliyumu mpaka pa 1, n'kuuzira mpweya pamaikolofoni. Fuu, fuu. Kenako kunong'ona: wani, thuu, wani, thuu. N'zoona, phokoso panalibe. Likanachokera kuti? Nkhuku imene inkatolatola pansi pa galimoto sinadzutse ndi mutu womwe. Atanong'ona mokwanira anagamula kuti ndi fyuzi. Anachotsa fyuzi yabwinobwino n'kuika inzake yabwinobwino. Ndinati tikweze voliyumu timve. Anati pa Boma sakweza voliyumu, polisi ili pafupi, ndipo anthu akamva galimoto yolengeza ikulira amathamangira kudzaona. Anati ndibwere mawa.

Apa mumvetse msampha umene tinalimo. Vutolo silinkamveka pokhapokha sipika ikafuula. Kuti ifuule pankafunika mawu. Kuika kaseti ya Mtsogoleri kunali kuwatsokomoletsa kachiwiri, ulendo uno pakati pa Boma, makutu onse ali tcheru. Makaseti a fundi onse anali a nyimbo za Chiswahili zolowera pa malire a Songwe, ndipo galimoto ya boma kufuula nyimbo za kutsidya masiku amenewo, bola kungopita wekha kukadzipereka. Kufuula ndi pakamwa pako pamaikolofoni popanda a tcheyamani, ndiye ukulengeza chiyani, wakuuza ndani? Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinkati fundi ndi fundi, ali ndi zipangizo zoyezera mwakachetechete. Ndi zimene ankandiuza, ndipo munthu wamantha amakhulupirira msanga.

Lachitatu ndinafika 8 koloko. Anandikhazika pabenchi mpaka 2 koloko masana. Anayamba ndi wailesi ya aphunzitsi ena. Kenako simbi yamagetsi ya anamwino. Kenako tochi. Tochi! Munthu moyo wanga uli pa ulusi, iye akupala mabatire a tochi ndi mpeni. Atafika pa ine anatenga thonje ndi sipiriti n'kupukuta mutu wa choimbira makaseti, akufotokoza kuti chinyezi cha kunyanja chimadya zitsulo. Ndinamuuza kuti likanakhala vuto la mutuwo, bwenzi masipika onse awiri akuthetheka, osati imodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti pakati pa ife awiri fundi ndani.

Ndinamupempha mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, kuti akwere padenga aone sipikayo. Anati masipika amenewo ndi a ku Ulaya, safa. Ndinapemphanso. Anati msana wake ndi wovuta. Kumbuyo kwa landirova kunali kamakwerero ka masitepe atatu. Atatu okha. Munthu yemweyo madzulo ake ndinamuona akunyamula mkoko wa nthochi n'kuumangirira panjinga, msana uli bwinobwino.

Lachinayi inali nthawi ya batire. Anapala mitu ya batire ndi sandipepa mpaka kuwala, anathirapo soda, anamanga waya wopita kuchitsulo cha galimoto. Anati magetsi akamayenda motsimphina mawu amatsimphinanso. Kenako voliyumu pa 1. Fuu, fuu. Wani, thuu. Anatuluka m'galimoto akupukuta manja ngati dokotala amene wapulumutsa munthu.

Tsiku limenelo ndinapita kukadya kunyumba masana. Ndinapeza mkazi wanga, amake Esnati, ali pakhonde akusoka juzi yanga yaubweya imene ndinabwera nayo kuchokera ku Ntcheu. Juzi, ku Karonga, dzuwa likuswa mtengo. Chibwerereni inali isanatulukepo m'sutikesi. Sindinafunse, anayamba okha kufotokoza maso ali pa singano. Anati mkazi wa wapolisi woyandikana nafe wawauza kuti kumene amapititsa anthu ogwidwa kumazizira ndipo amagona pasimenti. Anati akuimata zigamba m'zigongono kuti ikhalitse. Panthawiyo tinali ndi ana awiri, ndipo iwo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Atamaliza mkono umodzi anandifunsa kuti zikavuta akwere basi iti yoti ikawasiye pafupi ndi kwathu, popeza njira yonseyo anali asanayendepo okha.

Ndinawauza basiyo. Ndinawauza pamene adzasinthire. Chakudya chinandikanika. Ndinena mosabisa, ndinkachita mantha moti galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi nyumba ndinkadzidzimuka.

Lachisanu ndinafika ndi mtima wina. Ndinamuuza fundi kuti lero ndi lomaliza, mawa ndi Uliwa, tichite zenizeni. Anati lero ndiye lero, vuto walipeza, ndi waya wochoka ku ampulifaya kupita pamwamba. Cha m'ma 11 bwana anandiitanitsa ku ofesi, ndipo ndinasiya galimoto pomwepo. Nditabwerera 3 koloko ndinapeza fundi atakhala pamthunzi, waya wakale ataukoleka pakhosi ngati mkanda. Anati ntchito yatha. Anati wasintha waya, wayeza ndi mita, ndipo nthawi ya nkhomaliro, ine kulibe, anakweza voliyumu mpaka kumapeto. Mawu anatuluka oyera ngati madzi.

Ndinayang'ana waya watsopanoyo. Anayambira ku ampulifaya, anakwera m'mbali mwa chitseko, n'kuthera pawindo. Pamenepo anamulumikiza ku waya wakale ndi tepi yakuda. Munthu anadula waya pawindo kuti dzanja lake lisafike padenga! Pafupi ndi shopuyo pankakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Ndinapita kukagula chimodzi n'kuwafunsa ngati amva galimoto ikufuula masanawa. Mayiwo anandiyang'ana modabwa. Anati iwo sanachoke pamalopo chiyambire m'mawa, ndipo chimene amva n'chakuti fundi anagona pabenchi n'kumaliza mkonono.

Sipika imeneyo ikafuula pa Boma inkamveka mpaka kudepoti. Mayi wokhala mapazi khumi sanamve kanthu.

Ndinabwerera kwa fundi chitumbuwa chili m'manja. Ndinamufunsa chifukwa chake wandinamiza. Anandikokera kuseri kwa chitseko, ndipo koyamba pamasiku anayi onsewo analankhula osadzikweza.

"Dada, akakufunsani, galimoto iyi sinabwerepo pano. Ine sindikudziwani yayi. Nili na ŵana."

Ndalama anakana. Risiti anakana. Nthawi ili 3:40 anakoka chitseko, anakhoma loko, anakwera njinga n'kumapita osacheuka. Ine ndiye ndinalibe ana? Masiku anayi ndinamupatsa, okhawo amene ndinali nawo. Anawadya onse akunong'ona pamaikolofoni, kenako n'kundiuza kuti sakundidziwa.

Loweruka ndinanyamuka 5:30 m'mawa. Msonkhano unali wa 10 koloko. Amake Esnati anaika juzi ija pansi pa mpando wa galimoto, ndi nthochi zophika m'kambale. Sitinatsanzikane zambiri, ana anali asanadzuke. Podutsa pa Mlare ndinaona mtengo wa mango uja. Kampando ka wosoka nsapato kanali pomwepo, kopanda munthu, ndipo palibe amene anayerekeza kukasuntha.

Nditapitirira ndithu ndinafika pamalo opanda nyumba, tchire lokhalokha ndi ng'ombe zikudya patali. Ndinakhotera m'kanjira ka ngolo mpaka msewu kubisika. Nthawi inali 7:10. Ndinazimitsa injini, ndinayatsa ampulifaya, ndinakweza voliyumu pa 8. Kaseti sindinaikhudze. Ndinagwira maikolofoni osadziwa chonena, ndipo chimene chinabwera pakamwa ndi dzina la mwana wanga woyamba. Ndinatsitsa mawu mpaka pakhosi n'kuitana: Esnati.

Thethethe.

Ndinaitananso. Thethethe, tche-tche-tche, kuposa pa Mlare.

Ndinakhala pamenepo manja ali lende. Ndinaganiza zogwetsera galimoto m'ngalande n'kunena kuti ndi ngozi, koma kugwetsa galimoto yolengeza tsiku la msonkhano ndi mlandu womwewo. Ndinaganiza zoisiya pomwepo n'kulowa m'tchire wapansi, koma akanakatenga mkazi wanga. Ndinaganiza za basi ija, ndi mayi wapakati akusintha basi ndi ana awiri. Kenako mantha aja anasanduka ukali. Ndinazimitsa ampulifaya, ndinatuluka, ndinakwera masitepe atatu aja, ndinaima pakaliyala n'kuimenya sipikayo chibakera ngati ndikumenya fundi.

M'kati munalira kanthu. Tseketseke.

Ndinaimenyanso, khutu lili pachitsulo. Tseketseke, ngati chisekese. Magetsi onse anali ozima, ndiye silinali vuto la waya, kapena fyuzi, kapena chinyezi cha kunyanja. M'sipikamo munali zinthu.

Ndinayang'ana utoto wofiira uja kanthawi. Ndinaona kuti ndikaswa utoto mwina adzanditenga, koma ndikausiya anditenga lero lomwe. Ndinatsika kukatenga sipanala. Mabawuti anali anayi. Nati imodzi inagwera m'udzu, ndipo ndinaifunafuna chokwawa ndikupemphera mokweza. Nditamasula, ndinachotsa chimutu cholemera cha kumbuyo kwa lipengalo, chija chili ndi maginito, n'kuchipendeketsa pachikhatho. Munagwa njere za mpunga. Mpunga wosapuntha, ndi mankhusu ake. Ndinaziwerenga, zinali makumi awiri ndi zitatu.

Ndinakhala pansi padenga pomwepo, chifukwa mpungawo ndinaudziwa.

Lachinayi la sabata yapitayo, ndili cha ku Chilumba, a tcheyamani omwe aja anandiimitsa pa Hara. Anali atagula mpunga kwa alimi a kusikimu, matumba atatu, ndipo analamula kuti akwezedwe pakaliyala ndikawatule kunyumba kwawo. Galimoto ya boma siinkaloledwa kunyamula katundu wa munthu, koma ukanawauza ndiwe? Panjira thumba limodzi linabooka pa ngodya ya chitsulo, mpunga n'kumakhuthukira padenga. Titatsitsa ndinasesa denga lonse ndi chipewa changa. Kukamwa kwa lipenga sindinakuganizire. Mabampu a msewu wa kusikimu anagwedeza njerezo pang'onopang'ono mpaka kukafika kukhosi kwake, pamene mawu amabadwira. Besi ikagunda, njere n'kumavina.

Ndinauzira chimutucho, ndinachipukuta ndi kansalu ka kaseti, ndinachibwezera. Pamitu ya mabawuti ndinamatapo dothi lofiira losakaniza ndi malovu. Njerezo ndinaziika m'bokosi la machesi. Ndinatsika, ndinayatsa ampulifaya, voliyumu pa 8, n'kuitananso Esnati. Dzinalo linatuluka lathunthu, loyera, mpaka ng'ombe zija zinadzutsa mitu. Ndinaitana kanayi, misozi ikutsika, bambo wamkulu ndekhandekha m'tchire.

Ntchito yonseyo inanditengera mphindi makumi awiri ndi zisanu, kuphatikizapo kufunafuna nati. Ine dalaiva wa sitandade sikisi, ndi sipanala imodzi. Fundi wachikwangwani, masiku anayi.

Ku Uliwa ndinafika 9:20. Anthu anali atadzaza kale mbali zonse za msewu, amayi atavala nsalu zofanana, amalaya ofiira akuyendayenda ndi ndodo. Alendo a ku likulu anakhala pamipando yakutsogolo pansi pa chisakasa. A tcheyamani sanandipatse moni, anangondiyang'ana n'kugwira thumba limene munali kabuku kaja. Nthawi itakwana anakodola. Chala changa chinaphonya batani koyamba.

Mtsogoleri anayamba kulankhula. Ndinaima pambali pa galimoto ndikudikira pamene mawu amatsikira pakhosi, chifukwa kasetiyo ndinkaidziwa pamtima. Anafika pamenepo. Anatsika. Palibe chinathetheka. Anatsikanso, zii. Mphindi makumi anayi ndinaima chilili, malaya atanyowa mpaka m'chiuno, ndipo zimene ananena tsiku limenelo sindinamvepo ngakhale liwu limodzi. Ndinkangomvetsera njere imene mwina inatsalira.

Msonkhano utatha a tcheyamani anabwera pawindo, mlendo mmodzi ali pambali pawo. Ankamwetulira monga pa Mlare. Anauza mlendoyo kuti galimotoyi inadwala pang'ono koma iwo anachitapo kanthu msanga. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga linali vuto lanji, dada?"

Bokosi la machesi linali m'thumba la buluku, ndipo ndinkalimva pantchafu. Ndikanati ndi mpunga, akanafunsa kuti mpunga wa yani, pamaso pa mlendo wa ku likulu. Akanafunsanso kuti ndani wamasula mabawuti a boma. Munthu amene ndikanamuloza ndi yemweyo anali ndi dzina langa m'thumba.

"Anali waya, bwana," ndinatero. "Fundi wa kuseri kwa msika ndi amene wakonza."

A tcheyamani anatulutsa kabuku kaja. Ndinkati mwina ang'amba tsamba la dzina langa. Ayi. Anatsegula tsamba lina n'kulemba za fundi, akuuza mlendo kuti anthu okhulupirika otere ndi ofunika kuwakumbukira.

Ndipo anamukumbukiradi. Kuyambira pamenepo zokuzira mawu zonse za misonkhano zinkapita kwa iye. Chikwangwani anasintha, anaika chachikulu cha utoto wa buluu. Munthu amene ananena kuti sakundidziwa anayamba kundibayibitsa ndikamadutsa, n'kumafuula anthu akumva kuti kodi sanandiuze kuti palije suzgo. Ine n'kumabayibitsanso. Izi ndi zimene zimandiwawa kuposa zonse. Ndinamutamanda ndi pakamwa panga, ndipo ndinapitiriza kumumwetulira zaka zitatu.

Wosoka nsapato wa pa Mlare anabwerera mvula itatha. Anali ataonda, ndipo khutu limodzi silinkamva. Galimoto yanga ikangofika pamsikapo ankaika nsapato pansi, kuvula chipewa, n'kuima njo mpaka ndichoke. Kangapo ndinafuna kutsika kuti ndimuonetse bokosi la machesi lija, adziwe chimene anasekera. Sindinatsike.

Kwa inu amene sipika ya galimoto yanu ikuthetheka lero, mverani ine. Muyambe mwamvetsera kuti ikuthetheka iti, imodzi kapena zonse. Muzimitse magetsi, muigogode ndi dzanja, khutu lili pafupi. Ndipo wokonza akamayesa chinthu chofuula mochita kunong'ona, akamakonza paliponse kupatula pamene mwamulozera, tengani galimoto yanu muzipita. Ameneyo sakufuna vutolo, akulithawa.

Kwa a tcheyamani ndilibe funso. Anamwalira kale, ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale pano ndikamalemba za iwo ndikumayang'ana kukhomo.

Funso langa lili kwa inu, a Fundi, ngati mudakali moyo, kapena wina akuwerengereni. Kuti munkaopa ndikudziwa. Munaopa kaseti, munaopa utoto wofiira, munaopa kuti dzina lanu lingalowe m'kabuku pafupi ndi langa. Zimenezo sindikukuimbani nazo mlandu, tonse tinkaopa. Koma Lachiwiri lija, mutangotaya nzimbe, chinakuletsani n'chiyani kunena kuti dada, ine izi sindigwira, ndikuopa? Ndikanakumvetsani. Ndikanapita kutchire kuja Lachitatu m'mawa, n'kukwera ndekha masitepe atatu aja. Mkazi wanga sakanafunsa za basi. Munasankha kundipatsa fyuzi, thonje ndi sandipepa, kuti muoneke fundi mpaka Lachisanu 3:40. Munkaganiza kuti Loweruka ndikafika ku Uliwa zikatha bwanji? Kapena simunaganizeko n'komwe, poti munali mutakhoma kale loko?

Ndiyankheni. Njere zija zilipo, makumi awiri ndi zitatu, mukafuna ndidzakuonetsani.

Tsiku lija nditafika kunyumba ndinatulutsa juzi pansi pa mpando kuti ndiibwezere m'sutikesi. Amake Esnati anandilanda, anaipinda bwinobwino, n'kukaiika pomwe inali. Inakhala pansi pa mpando umenewo mpaka tsiku limene tinasamuka ku Karonga.